Liwiro la Pamzere Woongoka: Mafunso ndi Mayankho

Aliyense amene anatsikapo mapiri a Dowa pa msewu wochokera ku Lilongwe, nafika m'chigwa cha Salima pamene dziko limayalika lathyathyathya kufikira kunyanja, adziwa kuti pali china chimene chimalowa mumtima mwa woyendetsa galimoto akaona msewu waongoka patsogolo pake, zokhotakhota zonse zitatsala m'mbuyo. Phazi limalemera lokha. Ndipo ngati pambali pake pali mnzake wa msinkhu umodzi, mtima umanong'oneza kuti tiyeni tione mwamuna ndani. Chilakolako chimenechi si cha ku Salima kokha ayi, ndiponso si chatsopano. Anthu a mayiko ena anachiona kalekale, analira nacho maliro ambiri, kenaka anachimangira bwalo ndi malamulo, nachisandutsa masewera amene amawatcha drag racing. Popeza anyamata athu ayamba kuonera masewerawa pa mafoni awo, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndasonkhanitsa pano mafunso amene munthu wofuna kudziwa angafunse.

Kodi mpikisano umenewu ndi wotani?

Galimoto ziwiri, kapena njinga zamoto ziwiri, zimaima moyandikana pa mzere umodzi, iliyonse m'kanjira kake. Ndipo chizindikiro chikaperekedwa zimanyamuka kulunjika ku mzere wina umene uli pa mtunda wa mamita 402, ndiwo gawo limodzi la magawo anayi a mailo. Wofika poyamba wapambana, mnzakeyo amanga katundu. Wopambanayo akumananso ndi wopambana wina, awiriawiri chomwecho, kufikira atatsala mmodzi. Palibe pokhota, palibe kuzungulira bwalo kambirimbiri monga achitira a mipikisano ina. Ndipo wolumpha mzere wapakati wolekanitsa tinjira tiwirito wagonja pomwepo, angakhale atafika poyamba. Mabwalo aang'ono amathamangitsa theka la mtundawo, mamita 201. Mtunda wa mamita 402 munthu woyenda pansi amautha m'mphindi zisanu, galimoto wamba ya pamsewu m'masekondi 16 kapena 18. Chotero chimene chimayesedwa pamenepa ndicho changu cha kanyamukidwe, kuchokera pakuima chilili kufikira pa liwiro lalikulu.

Unayambira kuti, ndipo anauyambitsiranji?

Chiyambi chake chili ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1930, pamene anyamata osakhoza kugula galimoto zatsopano ankatola Ford zakale, nazivula zonse zolemera, nakonza mainjini ake ndi manja awo, ndipo ankapita kukaziyesa pa nyanja zouma za m'chipululu cha Mojave, monga Muroc ndi El Mirage, pamene matope anauma nasalala mtunda wautali. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali anabwerera kwawo ali ndi luso la umakaniko limene anaphunzira pa ndege ndi pa galimoto zankhondo, ali ndi kandalama m'thumba, atazoloweranso kuona imfa pafupi. Ndipo popeza chipululu chinali kutali, ambiri anayamba kuthamangitsana usiku m'misewu ya m'matauni, kuchokera pa loboti ina kufika pa inzake. Anthu anafa, othamanga ndi ongodutsa omwe. Apolisi anakwiya, ndipo dzina la anyamata okonda mainjini linanunkha pakati pa makolo.

Pamenepo panauka amuna amene anazindikira kuti kuletsa kokha sikuzimitsa chilakolako, kumangochithamangitsira kumdima. Mu 1950, C. J. Hart ndi anzake anapempha msewu wa ndege umene sunali kugwira ntchito pa bwalo la ku Santa Ana, nayamba kuchititsa mipikisano tsiku Lamulungu, masana, pamaso pa anthu, nthawi ikuwerengedwa ndi mawotchi. Chaka chotsatira, 1951, Wally Parks, amene anali mkonzi wa magazini ya Hot Rod, anakhazikitsa bungwe la National Hot Rod Association, lodziwika ndi zilembo za NHRA, limene linachititsa mpikisano wake woyamba ku Pomona mu 1953, ndi wa dziko lonse mu 1955 pa bwalo la ndege la ku Great Bend, ku Kansas. Bungweli linkatuma anthu ake kuyenda mzinda ndi mzinda, kukakhala pansi ndi apolisi ndi akuluakulu a m'deramo, ndi kuphunzitsa timagulu ta anyamata kachitidwe koyenera. Ku England nakonso bwalo la Santa Pod linatsegulidwa mu 1966 pa Podington, pamene panali bwalo la ndege zankhondo. Mfundo imene ndifuna owerenga aigwiritse ndi iyi: masewerawa anabadwa kuti achotse liwiro m'misewu ya anthu, ndipo yense wowachita pa msewu wa anthu wabwerera ku chisokonezo chimene eni akewo anachithawa.

Nanga pa mzere wonyamukira pamachitika chiyani?

Apa ndi pamene pali mtima wa masewerawa, ndipo mpoyenera kuti tikhalepo pang'ono. Asanafike pa mzere, woyendetsa amadutsitsa matayala akumbuyo pa malo othiridwa madzi, napondereza moto kuti matayalawo azungulire pamalo amodzi, utsi woyera nuphulika, fungo la labala nilidzaza bwalo. Wosadziwa angayese kuti ndi matama chabe, koma ntchito yake ndiyo kutsuka timiyala ndi fumbi pa tayala, kulitenthetsa kuti limate, ndi kupaka labala watsopano pansi pamene galimoto inyamukire. Akatero abwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mnzake wa pansi akumulozera ndi manja kuti matayala apondenso m'mizere yomweyo imene angoipaka.

Pakati pa tinjira tiwirito pamaima mtengo wa nyali, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1963 m'malo mwa munthu wokweza mbendera. Pansi, modutsa kanjira, pali timizere tiwiri ta kuwala totalikirana pafupifupi masentimita 18. Tayala lakutsogolo likadula kamzere koyamba, kanyali kapamwamba kamayaka, kumuuza woyendetsa kuti wayandikira. Akasendera pang'ono nadula kachiwiri, kanyali kena kamayaka, kusonyeza kuti waima pamalo pake. Onse awiri akatero, nyali zitatu zachikasu zimayaka, ndipo pambuyo pake yobiriwira. Kwa akatswiri, zachikasuzo zimayaka pamodzi ndipo yobiriwira imatsatira patangopita magawo anayi a magawo khumi a sekondi; kwa ochita masewerawa mongokonda, zimayaka imodziimodzi, motalikirana theka la sekondi. Wonyamuka yobiriwira isanayake amayatsa nyali yofiira, ndipo wagonja asanayende n'komwe. Koma wodikira kuti aione yobiriwirayo ndi maso wachedwa kale, pakuti phazi ndi galimoto zimatenga kanthawi kuti zimvere; chotero luso lonse lagona pa kunyamuka pa yachikasu yotsiriza, osafulumira, osazengereza.

Ndipo pali chinthu chimene chimadabwitsa oonerera atsopano. Wotchi ya kanjira kalikonse imayamba kuwerenga pamene galimotoyo yachoka pa kamzere ka kuwala, osati pamene yobiriwira yayaka. Motero zimachitika kuti pa chikwangwani pakuoneka kuti wina wathamanga masekondi ochepa koposa mnzake, koma wagonja, chifukwa anaodzera pa nyali mnzakeyo nanyamuka poyamba. Makolo athu, amene sanaone mtengo wa nyali, anali atanena kale kuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Galimoto zothamanga koposa zimafika pati?

Mafumu a masewerawa ndi galimoto za gulu la Top Fuel, zazitali kupitirira mamita 7, zowonda kutsogolo, zokhala ndi matayala aakulu kumbuyo ndi phiko pamwamba pake lokanikizira galimoto pansi. Injini yake ndi ya masilinda asanu ndi atatu, ya malita 8.2, ndipo amisiri amaiyesa kuti itulutsa mphamvu ya akavalo pafupifupi 11,000. Sienta imene imanyamula anthu pa Kamuzu Road ili nayo ya akavalo pafupifupi 110. Ya Top Fuel siimwa petulo: imamwa nitromethane wosakaniza ndi methanol pang'ono, mafuta amene amanyamula mpweya woyatsira moto m'kati mwake momwe, kotero kuti injini ikhoza kuwotcha ochuluka kwambiri pa nthawi imodzi. Ulendo umodzi umatha malita 40 kapena kupitirira. Sekondi imodzi isanathe galimotoyo yadutsa liwiro la makilomita 160 pa ola, ndipo imafika kumapeto ikuthamanga kuposa makilomita 530 pa ola, woyendetsa atakanikizidwa pa mpando ndi mphamvu yoposa kanayi kulemera kwa thupi lake. Mu 2019 Brittany Force anatha mtunda wa mamita 305, umene gululi limathamanga m'malo mwa 402, m'masekondi 3.623. Ulendo uliwonse ukatha, amakaniko amaphwasula injini yonse, naona chitsulo chilichonse, naimanganso isanafike nthawi ya ulendo wotsatira.

Kodi wopambana ndiye wa injini yaikulu basi?

Iyayi. Yense amene anayesapo kuthamanga pa mchenga wa ku Senga Bay adziwa kuti mphamvu ya m'miyendo siithandiza kanthu phazi likamaterereka, ndi kuti woponda mwaukali ndiye amakumba dzenje mnzake akupita. Chomwechonso tayala: mphamvu yoposa imene tayala likhoza kuipereka pansi imangosanduka utsi. Nchifukwa chake matayala a mpikisanowu ndi otakata, opanda mizere, ofewa m'mbali ndi opopedwa pang'ono, kuti ponyamuka akwinyike nagwire pansi pambiri. Nchifukwa chakenso ponyamukira pamamangidwa ndi konkire, ndipo kanjira kamapoperedwa mankhwala omata, kufikira nsapato ya woyendapo imakanirira. Mmisiri wamkulu wa gulu amayang'ana kutentha kwa pansi ndi kwa mpweya, nakonza kilatchi kuti igwire pang'onopang'ono monga kanjirako kangalole tsiku limenelo. Ndipo akalakwitsa muyeso, woyendetsa waluso chotani sangamupulumutse.

Mpweya nawo uli ndi mawu. Injini imapuma monga chamoyo chilichonse, ndipo kumtunda mpweya ndi wopepuka. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ili pa mamita opitirira 1,000. Motero galimoto yomweyo, ngati ilibe chopopera mpweya mu injini, imakoka bwino pang'ono ku Salima koposa ku Lilongwe, makamaka m'mawa wa mwezi wa June. Koma dzuwa la October, limene anthu a kuno alidziwa bwino, limapepukitsanso mpweya nkulanda phindu lija.

Pa Salima pali misewu yoongoka ndi yosalala. Chisiyanitsa n'chiyani ndi bwalo la mpikisano?

Funso ili ndilo landichititsa kulemba, ndipo ndiliyankha ndi mtima wonse. Maso a oonerera amakhala pa mamita 402 aja, koma gawo lalikulu la bwalo lili kuseri kwa mzere womalizira, kumene kulibe khamu la anthu: msewu wina wautali woimira, umene kawirikawiri umaposa wothamangirawo, ndipo kumathero kwake kuli dzenje la mchenga ndi ukonde wogwira galimoto imene yakanika kuima. M'mbali monse muli zipupa za konkire. Galimoto zothamanga kwambiri zimatulutsa maparachuti awiri kumbuyo, pakuti mabuleki okha sangathe. Ambulansi ndi ozimitsa moto amaima okonzeka injini iliyonse isanalizidwe. Galimoto iliyonse imayesedwa ndi oyang'anira isanaloledwe. Woyendetsa amavala chisoti cholimba, malamba, ndi zovala zosagwira moto. Ndipo dontho la oyilo likagwera pa kanjira, mpikisano wonse umaima kufikira atalipukuta.

Malamulo amenewa sanalembedwe ndi anthu amantha. Pafupifupi lililonse linagulidwa ndi mwazi. Mu March 1970, pa bwalo la Lions pafupi ndi Long Beach, giyabokosi ya galimoto ya woyendetsa Don Garlits inaphulika ponyamuka, niidula galimoto pakati, niidulanso gawo la phazi lake lamanja, pakuti masiku amenewo woyendetsa ankakhala kumbuyo kwa injini, zitsulo zozungulira zili pakati pa miyendo yake. Ali chigonere m'chipatala analingalira zoika injini kumbuyo kwa woyendetsa. Mu 1971 anapambana nayo galimoto yoteroyo ku Pomona, ndipo posapita nthawi onse anamutsata. Mu June 2008, ku Englishtown, New Jersey, injini ya galimoto ya woyendetsa wina, Scott Kalitta, inaphulika pafupi ndi mzere womalizira, maparachuti anaonongeka, galimoto inapyola mchenga, ndipo iye anafa. Bungwe la NHRA linafupikitsa mtunda wa magulu awiri othamanga koposa kuchoka pa mamita 402 kufika pa 305, kuti malo oimira achuluke. Taonani, anthu okhala ndi zipupa, maukonde ndi madokotala anaona kuti malo oimira sakukwanira, nadula masewera awo omwe.

Tsono tiyeni tiime pa msewu wochoka pa boma la Salima kupita ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, dzuwa litapendeka. Wa kabaza wanyamula mayi ndi mwana kumsana, ndipo akupalasa m'mphepete mwa tala pamene pathetheka. Mayi wina wasenza beseni la usipa, khosi silingatembenuke msanga kuti aone chimene chikudza kumbuyo. Mbuzi zitatu zikudya tsidya lino, kamwana kake kali tsidya lija, ndipo kadzawoloka pa nthawi imene kafuna. Ngolo yatuluka m'kanjira ka kumunda yopanda nyali. Ana akuchokera kusukulu ali m'kagulu, akukankhana. Awa ndiwo zipupa ndi maukonde a msewu umenewu. Galimoto ikakanika kuima, idzaima pa iwo. Ndipo chiwerengero chake sichinyengerera munthu: galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita 28 pa sekondi iliyonse, woyendetsa asanaponde n'komwe buleki; ndipo ataponda, pa tala wouma, ya makilomita 50 pa ola imaima pa mamita pafupifupi 14, ya 100 pa mamita pafupifupi 55, ya 150 pa mamita pafupifupi 125. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Zomwezi zili pa msewu wa M5 wopita ku Chipoka kapena ku Nkhotakota, ndi pa M14 pamene alendo a ku Lilongwe amabwerera Lamulungu madzulo, ena atamwa kunyanja.

Kodi si masewera a anthu olemera okha, ndi amuna okha?

Top Fuel ndi ya olemera ndithu. Koma unyinji wa othamanga pa mabwalo a dziko lapansi ndi anthu wamba amene amabwera ndi galimoto yomwe amapitira kuntchito, ndipo anawakonzera njira yoti wosauka apikisane ndi wolemera. Aliyense amalosera yekha nthawi imene galimoto yake ithe mtundawo, nailemba pa galasi. Wolemba masekondi 17 akakumana ndi wolemba 13, nyali yake imayaka masekondi anayi mnzakeyo asanaloledwe kunyamuka, kuti onse akafike pa mzere nthawi imodzi ngati analosera zoona; ndipo wothamanga mofulumira koposa nthawi imene analemba wagonja. Wopambana pamenepo ndiye wodziwa galimoto yake ndi wodziletsa, osati wa thumba lalikulu.

Za amayi, mbiri iyankha yokha: Shirley Muldowney anakhala katswiri wa Top Fuel mu 1977, mu 1980 ndi mu 1982, akupikisana ndi amuna pa mzere umodzi, popanda gulu lapadera la akazi.

Nanga mu Africa muno alipo mabwalo otere?

Alipo, makamaka ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa ntchito. Bwalo la Tarlton, pafupi ndi Krugersdorp kumadzulo kwa Johannesburg, linatsegulidwa mu 1978. Ku Cape Town, bwalo la Killarney lakhala likutsegula zipata zake madzulo ena kwa eni galimoto za pamsewu, ndi cholinga chomwe chija cha Hart ndi Parks, chakuti anyamata amene akanathamangitsana m'misewu usiku akayesane pamalo otchingidwa, ambulansi ili pafupi.

Kodi tsono n'koyenera kuti ku Salima kuno kudzakhale bwalo lotere?

Ine nditi n'koyenera, ngati lidzamangidwa mwa dongosolo lake, ndipo sindichita manyazi kunena kuti masewerawa ndimawakonda. Dziko la kuno ndi lathyathyathya. Alendo amabwera kale kudzaona nyanja. Ndipo tili ndi Salima Technical College ndi magalaja ambiri, kumene kuli achinyamata a manja aluso amene akanapeza poonetsera nzeru zawo, pakuti wotchi siinama, ndipo mmisiri amene wakonza injini bwino imamuchitira umboni pamaso pa onse. Sipafunika Top Fuel ayi. Mamita 201 othamangira, malo oimira otalika kuposa pamenepo, mpanda wotchinga anthu ndi ziweto, mawotchi, ambulansi, munthu woyesa mabuleki ndi matayala wokhala ndi mphamvu yobweza galimoto ya munthu wamkulu aliyense, ndi lamulo lakuti womwa mowa sagwira chiwongolero: zimenezi zikhoza kukwanira kuyambira, ndipo njinga zamoto zikhoza kukhala ndi gulu lake. Koma mutu umodzi susenza denga. Pafunika mafumu eni nthaka, khonsolo ya boma, apolisi, a nthambi yoona za pamsewu ndi amalonda akhale pa mphasa imodzi, ndipo ayambe kufunsa za malo oimira asanafunse za mphotho. Ngati chimodzi cha izi chisoweka, ndibwino kuti lisamangidwe konse, pakuti bwalo lopanda mpanda ndi msewu chabe umene aitanirapo khamu la anthu kuti liime m'mphepete.

Kufikira tsiku limenelo, ndikupemphani inu eni galimoto ndi eni njinga zamoto amene mumapereka makiyi kwa anyamata m'mawa uliwonse, muwafunse za kayendetsedwe kawo monga muwafunsira za ndalama za tsikulo. Inu okwera, woyendetsa akayamba kulimbirana msewu ndi mnzake, lankhulani, ndipo akakana kumva tsikani. Ndipo iwe mnyamata, mnzako akakuimira pambali pa msewu wa ku Senga Bay, naliza injini, nakukodola ndi mutu, umkane.